Momwe mungathetsere kunjenjemera kwa converter mukaiikira fyuluta polowera magetsi

Converter yanu, chipangizo chotsitsa voltage ya DC, inkagwira ntchito bwinobwino. Imalandira 24 V kuchokera ku mabatire awiri a sola n'kutulutsa 12 V yosagwedera. Chodandaulitsa chinali chimodzi chokha: wailesi ikakhala pafupi imasokosera, chifukwa converter imakoka current modukizadukiza, ka 200,000 pa sekondi iliyonse. Ndiye mwaika inductor ndi capacitor polowera magetsi kuti zisefe phokosolo. Wailesi yatonthola. Koma tsopano bolodi layamba kulira ngati nkhululu, 12 V ija ikugwedezeka pa oscilloscope, ndipo zimanyanya usiku, mabatire akatsika pamene zinthu zoyaka zili zambiri.

Ambiri akafika apa amasintha chip kapena kuwonjezera ma capacitor a ceramic. Dikirani kaye. Palibe chimene chapsa. Fyuluta payokha ilibe vuto, converter payokha ilibenso vuto, koma ziwirizi zikukanika kukhalira limodzi.

Gwero lake ndi ili. Resistor wamba, voltage ikatsika nayo current imatsika. Converter yolamulidwa ndi feedback (kuyeza voltage yotuluka n'kumaikonza yokha) imachita zosemphana nazo. Yauzidwa kuti kotulukira kukhale 12 V zivute zitani, choncho voltage yolowa ikatsika imakoka current yochuluka kuti ma watt akwane, ndipo ikakwera imakoka yochepa. Khalidwe limeneli akatswiri amalitchula kuti negative resistance. Tsono inductor ndi capacitor zili ngati katungwe: mukamukankha kamodzi amapita n'kubwera, kenaka amaima yekha chifukwa mphamvu imatayika pang'onopang'ono. Converter ili ngati munthu woima kumbuyo kwa katungweyo, amene amakankha nthawi iliyonse katungwe akamapita. Voltage ikayamba kutsika, converter imakoka zambiri n'kuitsitsiratu. Ikayamba kukwera, imalekerera n'kuikweza kwambiri. Kukankhako kukaposa mphamvu imene ikutayika, katungwe saima.

R. D. Middlebrook wa ku Caltech anafotokoza nkhaniyi mu 1976, ndipo lamulo lake ndi limene tikugwiritsabe ntchito: impedance (resistance imene imasintha ndi frequency) ya fyuluta, mukaiyang'ana kuchokera kumene kuli converter, ikhale yochepa kwambiri poyerekeza ndi impedance yolowera mu converter, pa frequency iliyonse. Masitepe onse ali m'munsiwa ndi njira yokwaniritsira lamulo limeneli.

Choyamba, tsimikizani kuti matenda ndi amenewa

Ikani probe ya oscilloscope pa capacitor ya fyuluta, osati kotulukira kokha. Mukaona mafunde osalala a frequency yotsika kwambiri poyerekeza ndi 200 kHz (ka 200,000 pa sekondi kaja), mwina 5 kHz mpaka 20 kHz, amene akukula mukatsitsa voltage yolowa kapena mukawonjezera load (zinthu zimene converter ikudyetsa), mwayandikira. Kenaka zimitsani zonse, mulumikize capacitor yaikulu ya electrolytic, monga 220 µF ya 50 V, moyandikana ndi ya fyulutayo, kusamala mbali ya + ndi ya −. Mukayatsa n'kupeza kuti kulira kwatha kapena kwachepa kwambiri, mwapeza gwero. Kukapitirira chimodzimodzi, vuto lili mu feedback yeniyeniyo kapena m'kayalidwe ka bolodi, ndipo muyambe mwakonza zimenezo converter ilibe fyuluta.

Musagwire ntchito imeneyi popanda fyuzi pafupi ndi batire. Batire silidziwa kuti mwalakwitsa, limangopereka current mpaka waya atasungunuka.

Chachiwiri, werengerani negative resistance

Chulukitsani voltage yolowa ndi iyo yomwe, mugawe ndi ma watt amene converter ikukoka. Gwiritsani ntchito voltage yotsikitsitsa ndi load yaikulu kwambiri, chifukwa mpamene nambalayi imachepetsetsa. Tinene kuti converter yathu ikutulutsa 120 W ndipo imataya gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yolowa, ndiye kuti ikukoka 133 W. Mabatire awiri a lead-acid akatheratu amafika pa 21 V. Choncho 21 × 21 ÷ 133 ikutipatsa 3.3 ohm. Masana akamatchajidwa pa 28 V, nambalayi imakwera kufika 5.9 ohm. N'chifukwa chake kulira kuja kumakonda usiku. Lembani 3.3 ohm penapake, ndiyo denga lathu.

Chachitatu, idziweni fyuluta yanu

Tinene kuti munaika inductor ya 10 µH ndi ma capacitor a ceramic okwana 20 µF. Pali manambala atatu ofunika.

Frequency imene fyuluta imanjenjemera ndi 1 ÷ (2π√LC), L ndi mlingo wa inductor ndipo C ndi wa capacitor, yomwe pano ndi pafupifupi 11 kHz. Pa 200 kHz fyuluta yotere imachepetsa phokoso pafupifupi ka 300, kapena kuti 50 dB, ndipo n'chifukwa chake wailesi inatonthola. Nambala yachiwiri ndi √(L/C), yomwe ndi 0.71 ohm, tiitchule R0. Yachitatu ndi nsonga, pamene impedance imakwera kwambiri pa 11 kHz paja. Mugawe L ndi C, kenaka mugawenso ndi resistance yonse ya mu inductor, mu capacitor ndi m'mawaya. Ikakhala 0.03 ohm, nsongayo ndi 0.5 ÷ 0.03, pafupifupi 17 ohm. Denga lathu linali 3.3 ohm. Fyulutayi yalipyola kasanu, ndiye singalephere kulira.

Onani chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri: zipangizo zikakhala zabwino kwambiri, zosataya mphamvu, nsonga imakwera. Munthu amene wachotsa electrolytic yakale n'kuika ceramic yodula amakhala kuti wachotsa chimene chinkamuteteza.

Pa manambala amenewa musakhulupirire zolembedwa pa paketi zokha. Ma ceramic a X5R ndi X7R amataya mbali yaikulu ya capacitance yawo akakhala pa voltage ya DC, ena kuposa theka, makamaka aang'onoang'ono. Onani graph ya wopanga, mutenge nambala ya pa voltage yanu yeniyeni. Mawaya ochoka ku batire nawo ndi inductor: werengerani pafupifupi 1 µH pa mita iliyonse. Mamita 5 a waya asandutsa 10 µH yanu kukhala 15 µH. Converter ina imalira ngakhale mwiniwake sanaikepo inductor iliyonse, chifukwa cha waya wautali ndi ceramic basi.

Chachinayi, tsitsani nsonga ndi resistor ndi capacitor

Katungwe amafuna chomugwira. Mungaganize zoika resistor m'njira ya current, motsatana ndi inductor. Kuti kulira kungolekeza pakufunika 0.15 ohm, ndipo pa 6.3 A imeneyo ikutentha kale 6 W, musanapeze n'komwe mpata wotetezeka. Kuiika molunjika pakati pa + ndi − n'kosatheka, ingatenthe ma watt opitirira 1,000. Njira yabwino ndi kuika resistor motsatana ndi capacitor ina yaikulu, n'kulumikiza nthambi imeneyi moyandikana ndi capacitor ya fyuluta. Capacitor yaikuluyo imatsekera DC kunja, choncho resistor sitentha pachabe, koma pa frequency ya kunjenjemera imatsegula njira kuti resistor imwe mphamvuyo.

Capacitor ya nthambi ikhale yaikulu kanayi kuposa ya fyuluta, ndiye 80 µF. M'sitolo mupeza 100 µF, ndipo ili bwino. Pa kanayi kameneka, resistor yoyenera ndi pafupifupi 0.6 × R0, kutanthauza 0.43 ohm, ndipo nsonga imatsika kufika 0.87 × R0, pafupifupi 0.6 ohm. Tengani 0.39 kapena 0.47 ohm. Kuchoka pa 17 ohm kufika pa 0.6 ohm ndi zipangizo ziwiri zotchipa! Tsopano tili pansi pa denga kasanu ndi theka. Ine sindivomereza bolodi limene mpata wake sukufika katatu, ndipo ndikapeza malo ndimafuna kakhumi.

Resistor ikachepa kwambiri, ma capacitor awiriwo amangokhala ngati imodzi yaikulu ndipo nsonga imabwereranso pa frequency yotsika. Ikakula kwambiri, nthambi imakhala ngati palibe. N'chifukwa chake pali nambala yapakati yoyenera kuifunafuna, osati kungotola iliyonse.

Mayeso a electrolytic aja anatheka chifukwa capacitor ya mtundu umenewu ili ndi resistance yakeyake mkati, ESR. Ena amadalira ESR yomweyo osaikanso resistor. Zimagwira, koma ESR imakwera kukazizira ndiponso capacitor ikamakalamba. Ine ndimasankha capacitor ya ESR yochepa n'kuwonjezera resistor yeniyeni imene ndikuidziwa mlingo wake. Resistor imeneyi ikhale yopirira kugunda kwadzidzidzi, chifukwa nthawi iliyonse mukalumikiza batire, current yodzaza 100 µF imadutsa mwa iyo.

Musanawotcherere kanthu, jambulani fyulutayi mu LTspice, pulogalamu yaulere ya Analog Devices. Mbali ya batire muilumikize ku ground kudzera mu inductance ya mawaya, kumene kukanakhala converter muikeko current source ya 1 A AC, muyendetse kuyambira 100 Hz mpaka 1 MHz. Voltage imene muone pamenepo ndiyo impedance mu ma ohm.

Chachisanu, onani zimene fyuluta yachita ku feedback

Apa mpamene ambiri amalekezera msanga. Kulira kwatha, koma fyuluta ingathe kupotoza loop ya feedback ngakhale isakulira.

Negative resistance ija ndi nkhope imodzi chabe ya converter. Pali inanso: impedance yolowera ya power stage (zipangizo zodutsa mphamvu zenizenizo) pamene duty cycle (gawo la nthawi imene switch ya converter imakhala yoyatsa) sikusintha. Mu buck (converter yotsitsa voltage ngati yathuyi) ya voltage mode (imene loop yake imayeza voltage yotuluka yokha), imeneyi imagwera pansi kwambiri pa frequency imene inductor ndi capacitor za kotulukira zimanjenjemera. Tinene kuti kotulukira kuli 10 µH ndi 100 µF. Zimenezi zimanjenjemera pa 5 kHz, ndipo pamenepo, pa load ya 1.2 ohm ndi duty cycle ya 0.57, impedance yolowera imagwa kufika pafupifupi 0.25 ohm. Load ikachepa imagwa kuposa pamenepo. Tsono nthambi tinaika ija inasunthanso nsonga ya fyuluta kuchoka pa 11 kHz kufika cha pa 6.5 kHz, ndipo pa 5 kHz fyuluta ili pa 0.5 ohm ndi pang'ono. Phiri la fyuluta lakumana ndi chigwa cha converter. Lamulo la Middlebrook lasweka kachiwiri, ndipo gain ndi phase za loop zipindika m'dera limenelo.

Pali njira zitatu zotulukira.

Yosavuta ndi kuchepetsa inductor ya fyuluta. Pa 3.3 µH, R0 imakhala 0.41 ohm, resistor ya nthambi 0.25 ohm, nsonga 0.35 ohm cha pa 11 kHz, ndipo pa 5 kHz fyuluta imangokhala 0.14 ohm. Mtengo wake ndi wakuti kusefa pa 200 kHz kwatsika kuchoka pa 50 dB kufika pa 40 dB. Kumbukiraninso mawaya: akakhala aatali, kuchepetsa inductor sikuthandiza kwenikweni mpaka mutaika electrolytic ina pamene mawayawo akulowera pa bolodi.

Yachiwiri ndi kusuntha crossover ya loop (frequency imene gain yake imatsika kufika pa 1) kuti italikirane ndi nsonga ya fyuluta. Nthawi zambiri crossover timaiika pa gawo limodzi mwa magawo 10 a switching frequency (200 kHz ija), pano 20 kHz. Mu voltage mode yopanda feedforward (tiifotokoza mu njira yachitatu), negative resistance imapezeka pansi pa crossover pokha, pamene loop ili ndi mphamvu; pamwamba pake converter imabwerera ku khalidwe la zipangizo wamba. Chimene muyenera kupewa ndi crossover yogwera pamalo amodzi ndi nsonga. Zisiyane katatu kapena kuposerapo.

Yachitatu ndi chip yokhala ndi input voltage feedforward, imene imasintha duty cycle nthawi yomweyo voltage yolowa ikasintha, osadikira kuti kotulukira kugwedezeke. Chigwa cha pa 5 kHz chija chimazimiririka ndipo loop siionanso fyuluta. Peak current mode, imene chip imayeza ndi kulamula current ya inductor, nayo imachotsa chigwacho. Koma chenjerani: converter yotere imakhala negative resistance ngakhale pamwamba pa crossover, choncho nthambi ya resistor ija ikufunika kwambiri kuposa kale.

Mukasankha, yezani. Ikani resistor ya 10 mpaka 50 ohm pakati pa kotulukira ndi resistor yapamwamba ya feedback, mulowetsepo signal yaing'ono kudzera mu transformer, muyendetse kuyambira 100 Hz mpaka 100 kHz. Chitani kawiri, fyuluta ilipo ndiponso itadumphidwa ndi waya wamfupi. Mizere iwiriyo izifanana. Phase margin ndi gain margin zimasonyeza mpata wotsala loop isanayambe kunjenjemera: phase margin isatsike pansi pa madigiri 45, ndipo gain margin ikhale cha pa 10 dB.

Chachisanu ndi chimodzi, phunzitsani converter kugwira katungwe yokha

Pa 120 W, capacitor ya 100 µF si nkhani. Koma mphamvu ikakula, nthambi yoteroyo imasanduka bokosi lolemera ndi lodula. Masitima amagetsi oyendera mawaya a DC, monga a 3 kV a ku South Africa, amafunika inductor ndi capacitor zikuluzikulu polowera magetsi, ndipo inverter yoyendetsa ma mota imakhala negative resistance ngati converter yathu yomwe. Pa makina otere njira yodziwika ndi kuthetsa kunjenjemera kudzera mu control: voltage ya pa capacitor ikakwera mwadzidzidzi, inverter imakoka mphamvu yochulukirapo pang'ono, ikatsika imachepetsa. Imeneyi ndiyo active damping, ndipo mungaichite pa bolodi lanu laling'ono.

Zimayenda bwino pa converter ya current mode. Yezani voltage ya pa capacitor ya fyuluta. Idutsitseni mu high-pass filter ya 1 mpaka 2 kHz, kasanu kapena kakhumi pansi pa 11 kHz ija, kuti DC ndi kusintha kwapang'onopang'ono kwa batire zisalowe. Chotsalacho chichulukitseni ndi nambala K, muchiphatikize ku current imene loop ikulamula. Voltage ikakwera, current ikwerenso. Mukasemphanitsa chizindikiro, mwawonjezera mkono wina wokankha katungwe.

K timaipeza motere. Negative resistance ya 3.3 ohm ikufanana ndi 0.3 A pa volt iliyonse, ndipo imeneyi iyenera kufafanizidwa kaye. Pamwamba pake tikufuna kuti converter izioneka ngati resistor ya 1.4 ohm, kawiri R0, zomwe ndi 0.7 A pa volt. Zonse pamodzi ndi 1 A pa volt kumbali yolowera. Mu buck, current yolowa ndi current ya inductor kuchulukitsa ndi duty cycle, choncho gawani ndi 0.57, mupeza pafupifupi 1.8 A pa volt. Nambalayi ndi yongokulozerani dera. Yambani ndi gawo limodzi mwa magawo anayi ake, muzikweza uku mukuyang'ana oscilloscope, ndipo muike malire kuti chowonjezeracho chisapyole current imene zipangizo zingapirire.

Pali zinthu zitatu zimene zimagwetsa njira imeneyi, ndipo ndi bwino kuzidziwiratu.

Kuchedwa ndiye mdani wamkulu. Mu microcontroller, kuyambira pamene mwayeza kufikira pamene duty cycle yatsopano yagwira ntchito pamadutsa pafupifupi period imodzi ndi theka, pano 7.5 µs. Pa 11 kHz amenewo ndi madigiri 30. Fyuluta yaing'ono ya pa ADC (mbali ya microcontroller yoyeza voltage) iwonjezerapo ena. Akafika madigiri 90, resistor yanu yongopeka ija yasiya kumwa mphamvu, ndipo akapyola yasanduka negative resistance ina. Ndiye kunjenjemera kwa fyuluta kukayandikira switching frequency, njirayi isiyeni.

Chinanso ndi loop ya voltage. Ntchito yake ndi kufafaniza chilichonse chogwedeza kotulukira, kuphatikizapo current imene mwawonjezera dala. Crossover ikakhala 20 kHz pamene fyuluta ikunjenjemera pa 11 kHz, loop idzathetsa zimene mukuchita. Itsitseni kufika 2 kapena 3 kHz. Converter idzayankha mochedwerapo load ikasintha, ndipo mudzafunika ma capacitor ochuluka kotulukira. Mphamvu ya katungwe ija sinasowe, mwangoitumiza kotulukira: kugwedezeka kwa 1 V polowera kukankha 1.8 A mu 100 µF, ndipo pa 11 kHz zimenezo ndi pafupifupi 0.25 V pa 12 V yanu. Ngati mukudyetsa mababu kapena kutchaja batire, palibe cholakwika. Ngati mukudyetsa zipangizo zosachedwa kusokonezeka, ganizirani kawiri.

Chomaliza ndi chimene ndimachiopa kwambiri. Active damping imagwira ntchito pokhapokha converter ili moyo. Pa kamphindi kamene mukulumikiza batire, chip imakhala isanadzuke, ndipo fyuluta ya ceramic yopanda chomwera mphamvu ingathe kuponya voltage pafupifupi kawiri ya batire. Pa 28 V ndiye kuti pafupifupi 56 V ikugunda MOSFET ya 40 V. Current ikafika pa malire ake, kapena load ikachepa mpaka chip kuyamba kudumpha ma pulse, active damping imafookanso. Choncho ngakhale control yanu ikhale yanzeru chotani, siyanipo nthambi ya resistor ndi capacitor, ngakhale yocheperapo, mwina yofanana ndi capacitor ya fyuluta kapena yaikulu kawiri, ndipo control izingomalizitsa zotsalazo.

Mayeso omaliza

Ngati mulibe chida choyezera loop, load step ikuuzani zambiri. Tengani ma resistor awiri a 2.4 ohm opirira 100 W, imodzi yolumikizidwa nthawi zonse, inayo yoyatsidwa ndi kuzimitsidwa ndi MOSFET, kuti load izidumpha pakati pa 60 W ndi 120 W. Probe imodzi ikhale pa capacitor ya fyuluta, ina kotulukira. Pa kudumpha kulikonse voltage idzavika n'kubwerera. Ikakhazikika itagwedezeka kamodzi kapena kawiri, zili bwino. Mukawerenga mafunde asanu kapena kuposerapo, mpata ndi wochepa, bwererani ku sitepe yachinayi.

Chitani mayesowa pa 21 V, pa 24 V ndi pa 28 V, ndi mawaya aatali ngati amene adzakhalepo bolodi likakaikidwa kumene likupita, osati tiwaya tifupitifupi ta patebulo. Bwerezani bolodi lili lozizira m'mawa, ndiponso litayaka kwa ola lathunthu. Kenaka ikani oscilloscope pa single trigger, mulumikize batire lodzaza kakhumi, muone kuti voltage ikukwera kufika pati. Ngati ma converter awiri kapena atatu adzadyera pa fyuluta imodzi, phatikizani ma watt awo onse, mubwererenso ku sitepe yachiwiri ndi nambala yatsopanoyo: awiri a 120 W atsitsa denga kuchoka pa 3.3 ohm kufika pa 1.65 ohm.